Kuwonjezera Mtundu wa Ndege pa Laisensi Yanu ku United States

Muli ndi laisensi yoyendetsera ndege ya injini imodzi yotera pamtunda, ndipo tsopano mukufuna ya mainjini awiri, kapena yotera pamadzi. Ku United States, bungwe loyang'anira za ndege la FAA silikubwezani kukayambira pachiyambi. Laisensi ikhala yomweyo, angowonjezerapo mzere wotchula mtundu watsopano wa ndege, umene amautcha class rating. Pa ndege wamba zamapiko mitunduyi ilipo inayi: ya injini imodzi ndi ya mainjini angapo, uliwonse wapamtunda ndi wapamadzi.

Lamulo lake lili pa ndime 61.63(c) ya 14 CFR, ndipo muliwerenge musanalipire sukulu iliyonse. Likufuna zinthu ziwiri: mphunzitsi wovomerezeka asaine mu logbook yanu kuti mwadziwa ndi kukhoza zofunika, kenako mupambane mayeso ouluka. Silitchula maola oti mukwanitse. Silikulembetsaninso mayeso apakompyuta ngati muli kale ndi laisensi ya ndege pa mlingo womwewo. Sukulu ikakuuzani kuti muuluke maola akutiakuti, kawirikawiri amenewo ndi maganizo a sukuluyo kapena a kampani ya inshuwalansi, ndipo muli ndi ufulu wofunsa chifukwa chake. Kuchoka pa ndege kupita pa helikopita ndi nkhani ina, ya ndime 61.63(b), kumeneko maola amawerengedwa.

Komatu kusatchulidwa kwa maola kusakunyengeni. Ndege ya mainjini awiri, monga Piper Seminole kapena Diamond DA42, imavuta injini imodzi ikazima. Yotsalayo imakokera ndege mbali imodzi, ndipo mphamvu yokwerera m'mwamba imatsika ndi pafupifupi 80 peresenti, osati theka monga ambiri amaganizira. Pa geji ya liwiro pali mzere wofiira: mukatsika pansi pake injini imodzi ili chete, ndege ikhoza kukukanani n'kutembenuka. Mzere wabuluu ndiwo liwiro lokwerera bwino ndi injini imodzi. Maphunziro ambiri amathera pamenepa, ndipo ine ndimalemekeza mphunzitsi amene amakana kusaina wophunzira asanazolowere mwendo woponda chiwongolero.

Amene si nzika ya United States, monga Mmalawi kapena Mzambia wopita kukaphunzira, ayambe wapeza chilolezo cha bungwe loona za chitetezo cha maulendo la TSA asanayambe maphunziro a mainjini angapo. Chimatenga nthawi, choncho pemphani msanga.

Pokonzekera mayeso, lembani fomu 8710-1, imene ambiri amailemba pa intaneti kudzera pa IACRA. Mukhale ndi chikalata cha dokotala chimene sichinathe ntchito, komanso siginecha ya mphunzitsi yosonyeza kuti mwaphunzira m'miyezi iwiri isanafike mwezi wofunsira mayesowo. Woyesa amayamba ndi mafunso apakamwa, kenako muuluka naye.

Samalani ndi malire amene angalembedwe pa laisensi. Ngati muli ndi instrument rating, chilolezo choulukira m'mitambo podalira zipangizo, muyenera kuonetsa kutsikira kubwalo motero injini imodzi ili ngati yazima. Mukapanda kutero, adzalemba kuti ndege ya mainjini angapo muziiyendetsa pokhapokha kunja kukuoneka bwino. Mukayesedwa pa Cessna 337, imene mainjini ake ali kutsogolo ndi kumbuyo, laisensi idzakumangani pa ndege zotero zokha.

Mukalephera, woyesa akupatseni chikalata chotchula zimene mwalakwitsa. Mphunzitsi akakuphunzitsaninso ndi kusaina, mubwereza, ndipo zimene munakhoza zimawerengedwabe ngati mwabwerera pasanathe masiku 60. Mukapambana, mulandira laisensi yongoyembekezera tsiku lomwelo, yogwira ntchito mpaka masiku 120 pamene khadi lenileni likukonzedwa. Mayesowo amalowanso m'malo mwa flight review imene woyendetsa aliyense amachita pa miyezi 24 iliyonse.