Malangizo: Phunzirani Njinga Yamoto Molingana ndi Luso Lanu



Lero tikambe za njinga yamoto. Anyamata ambiri amaphunzira kwa mnzawo pabwalo la mpira madzulo amodzi, kukacha ali kale pasiteji ya kabaza, anyamula mayi wobereka mwana kumsana. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa ngozi zambiri zimayambira pamenepa.

Musanalipire sukulu yophunzitsa kuyendetsa, dziyeseni kaye. Ngati simunagwirepo klachi, nenani. Musachite manyazi, nenani. Mphunzitsi wabwino amakuyambitsani pabwalo lopanda magalimoto: kunyamuka, kusintha magiya, kuima ndi mabuleki onse awiri, lakutsogolo ndi lakumbuyo.

Ngati mumayendetsa kale, funani maphunziro apamsewu. Malamulo ndi zikwangwani. Kukhota mutanyamula munthu. Kuima pamatope kapena pamchenga. Kumbukirani kuti munthu akakhala kumbuyo, njinga imalemera, siima msanga.

Funsaninso ngati sukuluyo ndi yovomerezeka ndi a Road Traffic, komanso ngati ophunzira amavala chipewa choteteza mutu. Akakuyankhani mozembazemba, bwererani ndi ndalama zanu.

Ndibwereze: yambirani pamene luso lanu lafika, musadumphe. Yambirani pamene luso lanu lafika.

Yendani bwino pamsewu.