MCHERE, UTSI NDI NKHUNGU YA CHIPERONI

Pamene chiperoni chikuta phiri la Chiradzulu m'mwezi wa June kapena July, amayi amadandaula kuti mchere wa m'mbale wanyowa, ngakhale palibe amene wathirapo madzi. Kodi madziwo achokera kuti? Tiyeni tilingalire bwino, pakuti m'kanthu kakang'onoka muli phunziro.

Mpweya umasenza chinyontho chosaoneka ndi maso. Anzeru amachiwerenga ndi magawo 100: pa 100 mpweya wakhuta madzi. Mchere ukhala wouma kufikira chinyontho chifike pa magawo 75; pomwepo uyamwa madzi, nusungunuka. Koma chodabwitsa nchakuti suumanso pa 75 pomwepo ayi. Udikira chinyontho chitsike kufikira pafupi ndi 45.

Mumpweya mumayandama timchere ndi tifumbi tosawerengeka, tina touluzika ku Nyanja ya India, kumene mphepo ya chiperoni ichokera, tina ta mu utsi. M'chaka cha 1880 John Aitken wa ku Scotland anaonetsa kuti nkhungu imafuna tifumbi totere kuti ipangike, chifukwa kadontho kalikonse kayamba pa kafumbi. Mu 1936 Hilding Köhler wa ku Sweden analongosola ndi masamu m'mene kamchere kakulira kukhala kadontho.

Nanga ayesa bwanji tinthu tosaoneka? Ayamba atiumitsa, nasankha ndi mphamvu ya magetsi tofanana msinkhu, natipititsa mumpope wa chinyontho chodziwika, natiyesanso. Pa magawo 90 kamchere kakula koposa kawiri m'mimba mwake. Kafumbi ka utsi kakula pang'ono chabe.

Apa mpamene nkhaniyi itikhudza ife. Utsi wa moto wa tchire uchulukitsa tifumbi, ndipo madzi a mumtambo agawanika m'timadontho tambirimbiri tating'ono, tochedwa kuphatikizana ndi kugwa ngati mvula. Utsi womwewo ulowa m'mapapo a ana athu. Mu 2015 Papa Fransisko, m'kalata yake ya Laudato Si', anatikumbutsa kuti dziko ndi mudzi wa ife tonse. Wotentha tchire pofuna mbewa zisanu alakwira anzake amene sawaona.

Inu akatekisiti, onetsani anthu chiyeso ichi pamphakati. Thirani mchere wouma m'botolo louma, onjezani chimanga chodzaza dzanja, tsekani, khutchumulani, ndipo dikirani kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume. Mukachilonga m'thumba chidzachita chuku, ndipo chuku china chili ndi ululu wowononga chiwindi. Chiyanikeninso padzuwa.

Mulungu amene anaika malire pa mchere ndi pa mtambo anatipatsanso nzeru zowazindikira. Tisaikwirire mphatsoyi: tisunge tchire lathu, tiumitse dzinthu dzathu, ndipo timuthokoze.