Kuchokera kwa Dokotala Kukafika pa Windo la Mankhwala

Wodwala amene sanagonekedwe amathandizidwa ku OPD n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Amadutsa m'manja mwa anthu awiri: dokotala, amene amapima n'kulemba mankhwala, ndi wa ku famase, amene amapereka mankhwalawo. Awiriwa amamvana kudzera m'buku la kuchipatala lija timanyamula.

Ambiri timaganiza kuti wa pawindo amangowerenga mapiritsi n'kuika m'kapepala. Ayi ndithu. Iye anaphunzira za mankhwala, ndipo sapereka kanthu asanaunike zimene dokotala walemba.

Titengere malungo. Kuyambira mu 2007, mankhwala oyamba a malungo kuno ku Malawi ndi LA, ndipo muyezo wake umatengera sikelo ya wodwala. Munthu wamkulu amamwa mapiritsi 4 kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, onse pamodzi 24. Mwana wa makilogalamu 10 amamwa piritsi limodzi kawiri pa tsiku. Dokotala amene wakhala akuona odwala chiyambire m'bandakucha akhoza kuphonya nambala. Wa ku famase akaona kuti muyezo ndi sikelo sizikugwirizana, amakafunsa kapena amakubwezani kwa dokotala. N'zowawa kubwezedwa utaima pamzere mpaka miyendo kuwawa, koma ndi mmene mwana amapulumukira ku muyezo wolakwika.

Palinso mankhwala amene sayenderana. Rifampicin, amene ali m'mankhwala a TB, amachepetsa mphamvu ya dolutegravir, mmodzi mwa ma ARV, komanso ya mapiritsi olera. N'chifukwa chake wodwala TB amene akumwa dolutegravir amamuonjezera piritsi lina la mankhwalawa. Dokotala akapanda kudziwa kuti munthuyo ali pa ma ARV, wa pawindo akhoza kuzitulukira.

Mankhwala ena akatha, wa ku famase amauza dokotala zomwe zilipo, ndipo dokotala amalemba ena m'malo mwake.

Komatu awiriwa sangalote zimene simunanene. Ngati Bactrim anakutulutsani zidzolo, ngati muli woyembekezera, ngati mukumwa mankhwala azitsamba kapena ogula pagolosale, nenani kwa onse awiri. Musachoke pawindo musanamve kamwedwe kake. Mukalandira LA, mwachitsanzo, funsani nthawi yomwa kachiwiri, chifukwa tsiku loyamba pamayenera kupita maola 8, ndipo mankhwalawa amagwira bwino mukamwa mutadya.