Satifiketi Ili M'thumba, Mtima Ukugunda: Mafunso ndi Mayankho kwa Ongoyamba Kumene Scuba

Munthu wokulira ku Mbayani mu Blantyre madzi amene amawadziwa bwino ndi apakiyosiki ndi amvula othamanga m'ngalande. Akapita kunyanja n'kukaphunzira kutsika pansi pa madzi ndi silinda ya mpweya kumsana, amabwerako ndi satifiketi, koma tsiku loti akatsike popanda mphunzitsi wake likamayandikira tulo timasowa. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene munthu wotere amakhala nawo.

Ndinakhoza maphunziro. Nanga bwanji ndikuopabe?

Chifukwa mwatsikapo kochepa. Satifiketi ya PADI Open Water imaperekedwa munthu akatsika m'madzi akuya kanayi kokha, ndipo maulendo onsewo mphunzitsi amakhala pambali panu, kukuyang'anani m'maso ndi kukukumbutsani za geji ya mpweya. Tsopano ntchito yonseyo yatsalira inu ndi mnzanu wotsika naye. Satifiketiyo ikukulolani kufika mamita 18, koma palibe amene akukukakamizani kukafikako sabata yoyamba.

Kodi mantha angandivulaze pansi pa madzi?

Mantha okha ayi. Chovulaza ndi chimene munthu amachita akagwidwa nawo. Woopa amapuma mofulumira ndi mosafikitsa, mpweya woipa umachuluka m'thupi, ndiye amamva ngati silinda yaleka kutulutsa mpweya pomwe ikadali yodzaza. Pamenepo maganizo amakhala amodzi: kuthamangira pamwamba. Ngozi ili apa. Mpweya umene mwapuma muli pa mamita 10 umafufuma pafupifupi kawiri mukamafika pamwamba, ndipo ngati mwaugwira m'chifuwa ukhoza kung'amba mapapo. N'chifukwa chake mphunzitsi wanu ankabwereza mpaka kukutopetsani kuti musamagwire mpweya.

Mukamva mtima ukuthamanga, imani. Gwirani mwala kapena chingwe cha boti, tulutsani mpweya pang'onopang'ono mpaka uthe, kokani wina, bwerezani kangapo. Kutulutsa ndiko kofunika kuposa kukoka. Kenako uzani mnzanu ndi dzanja kuti zinthu sizili bwino. Ngati mukufunabe kuvuuka, kwerani modekha, osapyola mamita 18 pa mphindi, ndipo muime mphindi 3 pa mamita 5.

Ndikauza wotitsogolera pansi pa madzi kuti ndikuopa, sandiseka?

Funso lenileni ndi limeneli, ndipo ine ndimaona kuti manyazi ndi oopsa kuposa mantha. Taganizirani: mwasunga ndalama miyezi, mwakwera galimoto ku Limbe, mwadutsa Zomba, Liwonde, Mangochi mpaka ku Cape Maclear. Kunyumba mayi ananena kale kuti, "Mwanawe, madzi si osewera nawo." Anzanu akudikira zithunzi pa WhatsApp. M'boti muli alendo akunja amene akukamba za nyanja zomwe anatsikamo. Ndani angafune kuoneka wamantha pamenepo? Munthu amangoti, "Ndili bwinobwino," m'mimba mukutentha.

Wotsogolera wodziwa ntchito amakonda munthu wonena zoona, chifukwa amadziwa pomuika. Amamusunga pafupi, amatsika naye pang'onopang'ono, mwinanso amasintha malo. Amene amamuvuta ndi wodzitama amene amatulukira ndi mantha ali kale pansi. Muuzeni musanakwere boti kuti satifiketi ndi yatsopano, mwatsikapo kangati, ndi chimene chinakuvutani pophunzira. Kwa ambiri ndi kuchotsa madzi m'magalasi akumaso. Pemphani mukayeserenso pamalo osaya musanapite kwakuya. Ngati padutsa miyezi yambiri chiphunzirireni, lipirani phunziro lokumbutsa. Safunsa anadya phula.

Pakati pa otsika m'madzi pali lamulo lodziwika kulikonse: aliyense akhoza kuthetsa ulendo nthawi ina iliyonse popanda kufotokoza chifukwa. Chala chachikulu chikaloza m'mwamba, nkhani yatha. Sukulu imene ikukunyozani pa chimenechi musabwererekonso.

Ndiyambire kuti?

Kwa wa ku Blantyre, Cape Maclear ndiye pafupi. Ndi m'dera la Lake Malawi National Park, paki imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Ku Otter Point ndi m'mbali mwa chilumba cha Thumbi kuli miyala pamalo osaya pomwe nsomba za mbuna zimadzaza, kotero simufunika kupita kwakuya kuti muone zinthu. Kumpoto kuli Nkhata Bay ndi Kande. Sankhaninso nyengo: m'miyezi ya Juni mpaka Ogasiti mwera umavundula nyanja, ndipo munthu amene wasanza kale m'boti satsika ndi mtima wodekha. Mwera ukatha, mvula isanayambe, madzi amakhala abata ndi oyera.

Nanga ng'ona ndi mvuu?

Zilimo m'nyanja, koma zimakonda m'mabango ndi m'mathiriro a mitsinje, osati m'miyala ya pazilumba. Funsani a m'deralo. Chachikulu chimene mwina mungakumane nacho ndi kampango atabisala kunsi kwa thanthwe. Mukapenyetsetsa mwina mudzaona nsomba yaikazi ikumeza ana ake kuwabisa m'kamwa mukayandikira. Ambiri amaiwala mantha poonerera zimenezo.

Ndichite chiyani usiku wake ndi m'mawa wake?

Mowa ayi, ngakhale ku Cape Maclear kukhale kukoma chotani. Gonani, imwani madzi, idyani pang'ono. Ngati muli ndi chimfine musatsike, chifukwa makutu sangatseguke ndipo ululu wake umayambitsa mantha. Zida zanu mangani nokha, mnzanu aziunikenso: jekete ikufufuma ndi kuphwa bwino, lamba wa zolemetsa akumasuka, silinda yatsegulidwa. Gwirizanani kuti geji ikafika pati mubwerere, kuti mufike pamwamba mudakali ndi mabar 50. Amene anaphunzirira m'nyanja yamchere, monga ku Mozambique, achepetse zolemetsa, pakuti madzi opanda mchere sayandamitsa kwambiri.

Ndingabwerere ku Mbayani tsiku lomwelo?

Ambiri saganizirako zimenezi. Mukakhala pansi pa madzi thupi limamwa mpweya wa nitrogen, ndipo umatuluka pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Mukakwera pamalo okwera msanga, ukhoza kupanga tithovu m'magazi ndi m'mfundo. Nyanja ya Malawi ili kale pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa nyanja yamchere, n'chifukwa chake kompyuta yanu yapamkono yotsikira nayo m'madzi iyenera kudziwa kuti muli pamalo okwera. Blantyre ali pa mamita pafupifupi 1,000, ndipo wodzera ku Golomoti kukwera ku Dedza amapyola pamenepo. Pa za ndege, bungwe la Divers Alert Network limalangiza kudikira maola 12 mukatsika kamodzi, ndi maola 18 mukatsika kangapo. Msewu wa ku Blantyre sukwera ngati ndege, komabe chanzeru n'kugona kunyanja n'kunyamuka m'mawa. Mukamva kupweteka m'mfundo, dzanzi, chizungulire kapena kutopa kosadziwika bwino, pitani kuchipatala msanga ndipo munene kuti munatsika m'madzi ndi silinda, liti, ndi mamita angati.