Ntchito Zamanja za Amayi ndi Moyo wa Banja

Chimanga chikalowa m'nkhokwe, amayi ambiri m'midzi mwathu amayamba ntchito zamanja. Ena amaumba miphika ndi mitsuko, ena amaluka mikeka ya mlaza, enanso amasoka zovala za ana. Ndiyo nyengo imene mafumu ndi alangizi amakonza chionetsero cha ntchito zamanja pabwalo la mudzi kapena pasukulu. Poyendera midzi pa ntchito yanga ya zaukhondo ndaona ubwino wa ntchitozi, ndaonanso matenda amene amagwira mayi wosasamala pozigwira. Phunziro la mwezi uno likhala pa zinthu ziwirizi.

Ubwino wake

Mtsuko wa kukamwa kwakung'ono, wokhala ndi chivundikiro, umasunga bwino madzi akumwa chifukwa manja a ana salowamo. Mbaula ya dothi ya Chitetezo, imene magulu a amayi amaumba m'maboma ambiri, imatha nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa, ndipo utsi umachepa pophika. Ndalama ya mkeka wogulitsidwa imagula sopo, usipa ndi mazira, kapena kulipira ulendo wa kuchipatala mwana akadwala.

Palinso ubwino wa mumtima. Mayi wokhala yekha ndi nkhawa zake amasowa tulo, ndipo chakudya sichimkomera. Pagulu loluka amapeza anzake omumvera, ndipo poona chinthu chimene manja ake atsiriza mtima umakhala pansi. Mutu umodzi susenza denga. Koma ngati chisoni ndi kufooka zipitirira masabata awiri, bwerani kuchipatala, chifukwa amenewo ndi matenda ndipo chithandizo chake chilipo.

Zofunika kusamala

1. Likodzo. Bango ndi dothi la mtapo zimapezeka kumadambo ndi m'mbali mwa mitsinje, mmene mumakhala nkhono zosunga tizilombo ta likodzo. Tizilomboti timalowa pakhungu munthu ataima m'madzi. Dulani bango muli pouma. Mukaona magazi m'mkodzo, kapena mukamva kupweteka m'chinena, kayezetseni. Mankhwala ake, a praziquantel, amachiza.

2. Mtapo. Musakumbe molowa pansi pa chigumula, chifukwa dothi la pamwamba likhoza kukugwerani. Musapite nokha, ndipo ana akhale patali. Maenje a pafupi ndi nyumba akwirireni, popeza madzi a mvula akaima m'menemo udzudzu wa malungo umaswana.

3. Kafumbata. Mpeni kapena bango likakuchekani, tsukani balalo ndi madzi oyera ndi sopo, ndi kulimanga ndi nsalu yochapa. Musathirepo dothi, ndowe kapena phulusa. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe. Mayi wolandira katemera kasanu pa nthawi zake amatetezedwa zaka zonse zobereka, ndipo ana amene adzabala amatetezedwanso pobadwa. Onetsani khadi lanu kwa anamwino kuti akuuzeni katemera wotsala.

4. Utsi ndi moto. Otchani miphika panja, kutali ndi madenga a udzu, ndipo muime mbali imene mphepo ikuchokera. Mwana asakhale kumbuyo kwanu pamenepo. Chifuwa chopitirira masabata awiri musachiyese cha utsi chabe. Kaperekeni makhololo kuti ayezedwe chifuwa chachikulu.

5. Msana ndi maso. Kukhala chowerama tsiku lonse kumapweteka msana ndi khosi. Tsamirani khoma, ndipo muziimirira kawirikawiri kuti muwongole thupi. Sokani masana pamthunzi, osati usiku pa koloboyi. Munthu akapitirira zaka 40 maso amayamba kulephera kuona zapafupi. Ngati ulusi ukukana kulowa m'singano, magalasi owerengera adzakuthandizani. Singano, mikanda ndi utoto zisungidwe pamene mwana sangafike.

Tsiku la chionetsero

Pamene pasonkhana anthu ambiri matenda amafala msanga. Tisaiwale kuti kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu opitirira 1,700 m'Malawi muno. Tsono komiti ionetsetse kuti pamalopo pali zimbudzi zovundikira, mpondagiya wokhala ndi sopo, ndi madzi akumwa othira klorini. Zakudya zogulitsa zikhale zotentha ndi zovundikira.

Inu amayi, yambani kukonzekera nthawi ikadalipo, kuti musachezere usiku kapena kuphonya tsiku la sikelo ya mwana. Musabise ntchito yanu poopa kusekedwa. Mphika wanu ukaikidwa pambali pa wa mnzanu mudzaona pamene munalakwitsa, ndipo iyenso adzaphunzirapo kanthu kwa inu. Poika mtengo werengani masiku amene munagwira ntchito ndi ndalama zimene munagulira zipangizo. Abambo, athandizeni amayi kunyamula katundu ndi kusamala ana tsikulo, ndipo ndalama zopezeka mukambirane pamodzi, chakudya ndi sopo zikhale zoyamba.

Mafunso okambirana podikira sikelo

1. Kodi kumene mumatapa dothi kapena kudula bango mumaima m'madzi?
2. Kodi mwalandira katemera wa kafumbata kangati?
3. Kodi m'mudzi mwanu muli mayi wamasiye kapena wokhala yekha amene mungamuitane kugulu lanu sabata ino?