Kuchokera pa Mawu a Wodwala Kufika pa Nambala: Chiyankhulo ndi Matenda a Mahomoni

Mawu oyamba

Azakhali anga atatupa pakhosi, anapita kuchipatala kangapo. Tsiku lina ndinatsegula buku lawo la kuchipatala ndipo ndinapezamo liwu limodzi lokha la Chingerezi, lotanthauza kutupa kwa pakhosi. Zonse zimene iwo anafotokoza, zoti mtima unkathamanga, manja ankanjenjemera ndiponso ankaonda ngakhale ankadya bwino, munalibemo. M'nkhani ino ndikufuna kuonetsa kuti kulemba matenda ndi kuwapatsa nambala ndi ntchito yomasulira, ndipo nambala singanene zoona kuposa mawu amene yachokerako.

Nambala za matenda

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lili ndi ndondomeko yoika matenda m'magulu yotchedwa ICD. Inayambira pa mndandanda wa zifukwa za imfa umene Jacques Bertillon anakonza, womwe unavomerezedwa mu 1893. ICD-10 inavomerezedwa mu 1990, ndipo ICD-11 inayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022, ngakhale mayiko akusamukirako pang'onopang'ono. Mu ICD-10, matenda a mahomoni ali m'mutu wachinayi, momwe nambala zake zimayamba ndi chilembo E. Mahomoni ndi timadzi timene ziwalo zina za thupi zimatulutsira m'magazi kuti tiziyendetsa ntchito monga kukula, kubereka ndi kagwiritsidwe ntchito ka chakudya.

Wolemba nambala sapima wodwala ndipo saloledwa kulota matenda. Iye amatenga zimene dokotala walemba n'kuzipezera nambala. Motero uthenga umadutsa m'manja atatu: wodwala amayankhula m'Chichewa, dokotala amalemba m'Chingerezi, ndipo wina amasandutsa zolembedwazo kukhala nambala. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Pa sitepe iliyonse, tanthauzo lina likhoza kutsala m'njira.

Liwu limodzi, matenda angapo

Chitsanzo choyamba ndi liwu loti "shuga". Ife timangoti uje akudwala shuga, koma ICD-10 imasiyanitsa. E10 ndi shuga wa mtundu woyamba, pamene thupi laleka kupanga insulini, ndipo wodwala sangakhale moyo popanda jakisoni wake. E11 ndi shuga wa mtundu wachiwiri, pamene thupi likulephera kugwiritsa bwino ntchito insuliniyo. O24.4 ndi shuga woyamba mayi ali woyembekezera, ndipo ali m'mutu wina, wa za uchembere. Dokotala akangolemba kuti shuga osatchula mtundu, nambala yotsala ndi E14, yotanthauza shuga wosadziwika mtundu wake.

Chitsanzo chachiwiri ndi "chithokomiro". Ambiri amagwiritsa ntchito liwuli ponena za chotupa cha pakhosi, pomwe olemba za umoyo amaligwiritsanso ntchito ponena za chiwalo chenichenicho chimene munthu aliyense ali nacho. Komatu khosi likhoza kutupa pa zifukwa zosiyana. Ngati chifukwa chake ndi kusowa kwa ayodini m'zakudya, nambala ili m'gulu la E01. Ngati chiwalocho chikutulutsa mahomoni ochuluka kwambiri, monga m'matenda a Graves, nambala ndi E05.0. Palinso gulu la E03, la chithokomiro chimene chikutulutsa mahomoni ochepa, pamene munthu amafooka, amamva kuzizira ndi kunenepa. Kusiyana kumeneku si kwa papepala pokha. Woperewera mahomoni amapatsidwa levothyroxine kuti awonjezere, pamene wochulukidwa amapatsidwa mankhwala monga carbimazole kuti achepetse. Zizindikiro za azakhali zinkaloza ku E05, koma liwu limene linalembedwa likanangobala E04.9, kutupa kwa chithokomiro kosafotokozedwa.

Chitsanzo chachitatu ndi mawu akuti "kusokonekera kwa mahomoni". Mawuwa amamveka ngati dzina la matenda koma sali choncho, chifukwa satchula homoni yake, chiwalo chake, kapena ngati yachuluka kaya yachepa. Malo amene angagwere ndi E34.9, vuto la mahomoni losafotokozedwa. Ophunzira chiyankhulo tinganene kuti awa ndi mawu a tanthauzo lotambalala, ofanana ndi kuyankha kuti "mtengo" pamene wafunsidwa ngati ndi m'bawa kapena mlombwa.

Zoyenera kulembedwa

Zolemba zabwino za matenda a mahomoni zimatchula chiwalo chokhudzidwa, ngati homoni yachuluka kapena yachepa, chifukwa chake ngati chadziwika, zotsatira za kuyeza magazi monga TSH pamodzi ndi tsiku lake, mavuto ena amene abwera, ndi mankhwala ndi mlingo wake. Ngati matenda sanatsimikizike, kulemba zizindikiro n'kwabwino kuposa kupeka dzina, ndipo ICD-10 ili ndi malo ake: R00.2 ndi kugunda kwa mtima komveka kwa mwiniwake, R53 ndi kufooka.

Wina anganene kuti dokotala wa kuno, amene pakhomo pake pamakhala mzere wautali, alibe nthawi yolemba zonsezi, ndiponso kuti si chipatala chilichonse chimene chimayeza mahomoni. Zimenezi n'zoona. Koma kumeneko ndi kumene mawu a wodwala amafunika kwambiri, popeza ndiwo umboni wokhawo umene ulipo. Buku la kuchipatala limayenda ndi mwiniwake, ndipo dokotala wotsatira amayambira pamene mnzake analekezera. Komanso ziwerengero zimene akuluakulu a zaumoyo amadalira pogula mankhwala zimachokera m'zolemba zomwezi.

Mawu otsiriza

Azakhali anathandizidwa pamene dokotala wina anawafunsanso kuyambira pachiyambi, n'kulemba zonse, n'kuwatumiza kokayezetsa magazi. Apa n'kuti patapita miyezi. Ife a maphunziro a chiyankhulo tili ndi gawo pa nkhaniyi. Tiyenera kusonkhanitsa mawu amene odwala amagwiritsa ntchito, monga "mtima ukuthamanga", "thupi likuphwanya" ndi "ludzu silikutha", n'kukhala pansi ndi azachipatala kuti tigwirizane matanthauzo ake, komanso kupeza mawu osiyanitsa chiwalo cha chithokomiro ndi kutupa kwake.