M'bale Wathu Akayesa Kudzipha: Zoyenera Kudziwa

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse. Oyesa n'kupulumuka ndi ochuluka kuposa pamenepa, ndipo ena a iwo timakhala nawo pa benchi imodzi pa Misa.

Madokotala amapeza kuti ambiri mwa anthuwa amakhala akudwala matenda a maganizo, makamaka kukhumudwa kosatha kwa masabata ambiri. Munthu sagona, chakudya sachifuna, zimene ankakonda sizimusangalatsanso, ndipo amadziona ngati mtolo kwa abale. Mowa ndi chamba zimaonjezera ngozi chifukwa zimachotsa kudziletsa. Ena samadwala konse, koma amachita mopupuluma pa tsiku la mkangano wa m'banja, ngongole ya katapila ikawapana, ntchito ikatha, kapena matenda okhalitsa akawafoola. Malipoti a apolisi kuno ku Malawi amaonetsa kuti ambiri odzipha ndi amuna. Mawu aja akuti mwamuna salira atipweteka.

Chiopsezo chachikulu pa zonse ndi chakuti munthuyo anayesapo kale. Apa m'pamene timalakwa. Akatuluka m'chipatala, banja limabisa nkhaniyo chifukwa cha manyazi n'kumaganiza kuti zatha, chonsecho masabata ndi miyezi yoyambirira ndiye yoopsa kwambiri. Kumukalipira kapena kumuopseza ndi Gehena kumangomutsekera pakamwa.

Tcherani khutu wina akamati "ndatopa nawo moyo", akamagawa katundu wake, kapena akamatsanzika popanda ulendo. Mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Funsoli silimuyambitsira maganizowo. Nthawi zambiri limamupeputsa. Musamusiye yekha, chotsani m'nyumba mankhwala ophera tizilombo ndi mankhwala ena oopsa, ndipo pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo. Chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba ndi a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu otere. Pemphero liyendere limodzi ndi chithandizocho.

Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2282 ndi 2283, amaphunzitsa kuti kuvutika kwambiri m'maganizo kungachepetse mlandu wa munthu wodzipha, ndipo tisataye mtima pa za chipulumutso chake, pakuti Mpingo umawapempherera anthu otere. Ngati mu mphakati wanu muli banja limene lakumana ndi zimenezi, sabata ino pitani mukacheze nalo, ndipo mukabwererekonso sabata yamawa.